Amayi Ako Amakumba Zitsime

Pa Kamwendo, Lachinayi masana

Fatsani mwana wanga,

Ndakhala pa khonde la sitolo ya Che Saidi pano, makina ndawaphimba ndi chitenje, ndipo amene akubwera ndi zovala zong'ambika ndikuwauza kuti telala sakupeza bwino. Sindikudwala ayi. Ndikulembera iwe, ngakhale timagona nyumba imodzi, chifukwa ndikamalankhula nawe maso ako amakhala pa foni, ndipo umati "ndamva" ine ndisanafike n'komwe pa nkhani. Mawa ukukwera basi ya ku Zomba kukayamba koleji. Kalatayi ndikupatsa pamanja ndikaweruka. Uiwerenge lero lomwe, osati m'basi, chifukwa kumapeto kwake kuli ntchito yoti uigwire usananyamuke.

Malangizo a mowa, a atsikana ndi a kupemphera wawamva kale kwa abusa, kwa azakhali ako, ngakhalenso kwa a kabaza a pa siteji amene sanafike n'komwe fomu wani. Onsewo anena zoona, uwamvere. Ine ndili ndi nkhani imodzi yokha.

Dzana unaima kuseri kwa nkhokwe ukulankhula pa foni ndi mnzako amene mukagone naye chipinda chimodzi. Nkhokwe ndi nsungwi zoluka, mwana wanga, mawu amadutsa, ndipo ine ndinali mbali inayo ndikufuna nkhuku yothawa. Mnzakoyo anakufunsa ntchito za makolo ako. Za ine unanena zoona kuti ndine telala, ngakhale unandipatsa shopu imene ndilibe. Za amayi ako unati ali mu bizinesi ya madzi. Kenako dzulo unandipempha kuti ku siteji ndikuperekeze ndekha, akuti amayi asavutike.

Fatsani, amayi ako amakumba zitsime. Amatsika m'dzenje pa chingwe ali ndi piki ndi fosholo, ndipo amatuluka ali ofiira ngati chulu. Midzi yonse kuyambira kwa Mlonyeni mpaka ku Kachebere, ndi tsidya lina la malire komwe, palibe mkazi wina amene amagwira ntchito imeneyi, ndipo mwa amuna amene amaigwira palibe wowaposa. Sindikukukalipira. Bodza ngati lakolo ndinayamba kulinena ndine, iwe usanabadwe, ndipo ndikufuna udziwe kumene linandifikitsa.

Ndinayamba kulakwa tsiku lomwe ndinawaona koyamba. Ndinali nditangoyamba utelala pa khonde lomwe lino. Kunabwera mtsikana wamtali, wa mapewa ngati wonyamula matumba a chimanga, atapinda nsalu ya khaki yolimba m'khwapa. Anati ndimusokere thalauza, ndipo m'mawondo ndisanjikize nsalu ziwiri. Ndinafunsa msinkhu wa mwini wake, poganiza kuti ndi la mlongo wake. Anati mwini wake ndi amene waima patsogolo panga. Masiku amenewo mkazi akavala thalauza pa Kamwendo pano anyamata ankamutsatira ndi miluzu mpaka kumapeto kwa msika. Ndinamuyeza ndili chapatali, ndipo atachoka ndinamumvera chisoni. Ndinaganiza zomuthandiza. Ndinasoka siketi.

Inali siketi yabwino, imeneyo ndiye sindingabise. Atabwera anaitembenuza, anayang'ana msoko, n'kunena kuti msoko ndi wowongoka. Kenako anandiyang'ana ine.

"Atelala, ine ndimakumba zitsime ndi bambo anga. Ndikamatsika pa chingwe, bambo anga amakhala ali kale pansi, akuyang'ana kumwamba kuti ndisawagwere. Ndiye mukuti nditsike ndi siketi?"

Pa khonde panali anthu osewera bawo. Bawo linatha pomwepo, mmodzi mpaka anagwa pa benchi ndi kuseka. Ndinakagula nsalu ina ndekha n'kusoka thalauza lija, m'mawondo ndinasanjikiza zitatu pofuna kupepesa. Ku Zomba ukakumana ndi anthu amene azikapempha, kuvala ndi kuchita zinthu zimene iwe sunazionepo. Ukafunse kaye chifukwa chake usanayambe kuwakonzera moyo. Wamva, Fatsani? Ukafunse kaye.

Mtsikana ameneyo ndi amayi ako, ndipo kuyambira pano ndiwatchula mwaulemu. Agogo ako a Mbewe, amene iwe sunawapeze, anabereka ana aakazi okhaokha, ndipo ankasowa wowakokera ndowa ya dothi pamwamba. Amayi ako anayamba kukoka ndowa ali wamng'ono, kenako tsiku lina agogo ako atadwala msana anangotsika okha. Anaphunzira kuyang'ana pamene pamera mkuyu, pamene chiswe chamanga chulu chonyowa, pamene udzu umakana kuuma m'chilimwe. Anaphunziranso kulawa dothi. Amafukula pang'ono, amatapa la pansi, amaika pa lilime, ndipo amadziwa ngati madzi ake adzakhala abwino kapena amchere. Ukumbukire za kulawa dothizi, chifukwa ndi zimene zinandigwetsa kachiwiri.

Chibwenzi chitakhwima, ndinayenera kukawaonetsa kwathu kwa Mlonyeni. Azakhali ako a Esinati, mlongo wanga wamkulu, ndi amene ankalamula pakhomo pathu chimwalirire amayi athu, ndipo ukuwadziwa mmene amamuyezera munthu kuyambira kumpango mpaka kuchidendene. Ndinachita mantha. Ndinawauziratu kuti ndapeza mtsikana wofatsa, wa kwaya, wogulitsa tomato. Tili m'njira ndinawapempha amayi ako kuti nkhani ya zitsime tiisiye kaye, ndiponso kuti manja awabise m'chitenje chifukwa cha zikang'a. Anandiyang'ana nthawi yaitali, koma anavomera.

Zonse zinayenda bwino mpaka masana. Anagwada bwino, anayankha moni motsitsa mawu, za tomato anayankha ngati munthu wobadwira m'dimba. Kenako anapempha kupita kuseri. Pobwerera anaona udzu wobiriwira pafupi ndi khola la ng'ombe, mwezi wa Okutobala, kwina konse kuli gwaa. Mtima sunawalole kungodutsa. Anathyola kamtengo, anafukula, anatapa dothi n'kuika pa lilime. Azakhali ako anali pa windo.

Iwe ukudziwa kuti kumudzi amene amadya dothi ndi amayi oyembekezera. Dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utamva kuti mtsikana wa tomato uja ali ndi pakati. Amalume anga anandiitanira pansi pa mango, anandinena mawu amene sindingawalembe pa pepala loti mwana awerenge. Ndikanatha kunena zoona pomwepo. Koma ndinaziyeza ziwirizo, mimba ya ukwati usanachitike ndi mkazi wokumba zitsime, ndipo kwa ine nthawi imeneyo mimba ndiyo inaoneka yopepukirako. Ndinawerama n'kuusenza mlanduwo. Ukwati anaufulumizitsa moti ndinasoka suti yanga yomwe m'masiku awiri, dzanja lina linatalika kuposa linzake. Ukayang'ana chithunzi chili pa khoma chija uona kuti ndabisa mkono kumbuyo kwa amayi ako. Sichinali chikondi chimenecho.

Amayi ako sankadziwa kanthu. Ankangodabwa kuti kwathu kuli anthu achifundo chotere, osalola mtengwa kunyamula ngakhale mtsuko. Anadziwa patapita sabata, pamene azakhali ako anawaonetsa tizipewa ta mwana timene anali ataluka kale. Amayi ako anawafotokozera zonse pomwepo, za zitsime, za dothi, ndi kuti pansi pa khola lawo pali madzi. Titafika kunyumba anandifunsa funso limodzi, mosakweza mawu.

"A Tembo, ndiye munaona kuti kuli bwino anthu aziti ndine wopanda mwambo kusiyana n'kuti adziwe ntchito yanga?"

 Iwe unabadwa patapita zaka zitatu. Azakhali ako amati m'mtundu mwathu monse palibe mwana amene anakhalitsa m'mimba ngati iwe. Madzi amene amamwa akamanena zimenezo ndi a chitsime cha pa khola paja, chimene amayi ako anawakumbira chaka chotsatira. Bodza lobisira manyazi limabereka manyazi aakulu kuposa amene umabisawo, mwana wanga, ndipo amene amawasenza ndi munthu wosalakwa. Usaiwale zimenezi.

Ungaganize kuti ndinaphunzirapo. Ayi. Iwe utangosiya kuyamwa ndinaika lamulo pakhomo. Anzanga a bawo anali atayamba kundifunsa ngati ndimawaphikira amayi ako akakhala m'dzenje, ndipo wina anati ndi ine ndekha m'boma lonse la Mchinji amene mkazi wanga amalowa m'manda tsiku lililonse n'kubwerako. Ndinawauza amayi ako kuti mkazi wa mwini wake sakumba zitsime, makina anga akwanira kutidyetsa. Sanakangane nane. Anatsuka piki, anakulunga chingwe, anazipachika m'khitchini.

Chilimwe chimenecho pakhomo pathu panakumbidwa. Ndinapempha dzenje la zinyalala, anakumba loti mbuzi ya aneba itagweramo tinaitulutsa ndi makwerero. Ndinati chimbudzi chadzaza, anakumba chimene tikugwiritsabe ntchito mpaka lero, ndipo sindikhulupirira kuti adzukulu ako adzachidzaza. Zimenezo zinali zoseketsa. Chosaseketsa chinali chakuti anasiya kuimba. Amayi ako amaimba akamagwira ntchito, nyimbo za kwaya zimene amazisakaniza mawu mmene afunira. Miyezi inayi nyumba inali zii. Ankaphika, ankachapa, ankandiyankha mwaulemu, koma zinali ngati ndakwatira mlendo wodikira basi.

Ndiye kunabwera amayi atatu ochokera mudzi wina kufupi ndi Kachebere, m'malire mwenimweni, kumene nkhuku zimagona ku Malawi n'kukadya ku Zambia. Anati dambo lawo lauma, akutunga madzi a matope limodzi ndi ng'ombe, ana akutsegula m'mimba. Ankafuna Anambewe, amayi ako. Ine ndinatulukira pa khonde n'kuwauza kuti pakhomo pano ntchito za amuna amagwira ndi mwamuna. Ndinali nditaonerera kangapo, ndipo ndinkaona ngati kukumba chitsime ndi kupita pansi basi mpaka unyowe. Amayi ako anangonditsitsira piki ndi chingwe, n'kundifunsa ngati ndikufuna kamba wa panjira.

Malo ndinasankha pansi pa mtengo wa mango, chifukwa panali mthunzi. Dothi ndinalawa, poti anthu ankayang'ana, ndipo linkamveka dothi. Manja a telala anatuluka matuza tsiku loyamba lomwe. Popeza pamwamba panali polimba, ndinakumba kukamwa kochepa, ndipo nditafika pa mchenga wofewa ndinasangalala n'kuyamba kukuza m'mbali kuti ndizitembenuka bwino. Tsiku lachisanu, ndili pansi ngati misinkhu iwiri ya munthu, ndinamva kaphokoso ngati shuga akuthiridwa m'mbale. Khoma linatsika. Mchenga unandikwirira mpaka m'chiuno, ndipo ndikati ndigwedezeke unkatsikanso wina.

Apa sindiseka, Fatsani. Ndinayang'ana kumwamba n'kuona kabowo ka kuwala ndi mitu ya anthu, ndipo ndinaganiza za iwe, kuti udzakula ukumva kuti bambo ako anadzikumbira okha manda chifukwa cha bawo. Amuna a m'mudzimo anaponya chingwe n'kuyamba kukoka, ndipo ndinamva ngati andidula pakati. Palibe amene analimba mtima kutsika. Munthu wina anakwera njinga kuthamangira ku Kamwendo, koma sanafike kutali. Anakumana ndi amayi ako panjira, iwe uli kumbuyo, chingwe china chili paphewa. Pambuyo pake amayi ako anandiuza kuti anawerengera masiku, anadziwa kuti lachisanu ndikhala nditafika pa mchenga.

Anakupereka kwa mayi wina, anathamangitsa anthu onse m'mphepete mwa dzenje, anaitanitsa zitseko ziwiri n'kuzitsitsa kuti zitchinge makoma. Kenako anatsika. Atafika pansi sanandifunse ngati ndavulala. Anayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti, "Bambo a Fatsani, chimene mwakumbachi si chitsime. Ndi mtsuko." Anandifukula ndi manja ngati chinangwa, anandimanga chingwe m'khwapa, n'kuuza amuna aja kuti akoke pang'onopang'ono. Ndinatuluka. Thalauza langa silinatuluke. Mchenga unaligwira pamodzi ndi nsapato, ndipo ndinafika pamwamba pamaso pa mayiko awiri nditavala malaya ndi kabudula wam'kati. Mayi wina wa ku Zambia anavula chitenje chapamwamba n'kundipatsa, akuyang'ana kumbali, n'kunena m'Chinyanja chawo chija kuti ndisadandaule, manzi akapezeka adzandiitana ndidzasambe. Ndinayenda wapansi mpaka ku msewu nditamanga chitenje cha maluwa.

Amayi ako anakwirira mtsuko wanga uja, anayenda mapazi makumi angapo kutsikira kumene kunali mkuyu, n'kuyamba chawo. Tsiku lachiwiri lomwe, ine ndili pamwamba ndikukoka ndowa, ndinamva nyimbo ikuchokera pansi. Za lamulo langa lija palibe amene anazitchulanso. Munthu akakhala ndi chinthu chimene anabadwira, usamuletse pofuna kusangalatsa anthu a pa bawo. Ndiponso ntchito imene ukuiona ngati yophweka chifukwa woigwirayo sanapite ku sukulu, usaiyambe usanamufunse. Kumeneko ukapeza ophika, osesa, olondera pa geti. Ukawapatse moni ndi manja awiri. Wamva?

Tsopano imva mmene munthu amagwera mbali inayo. Nditachira manyazi ndinayamba kunyada, ndipo kunyada kwanga kunalibe mabuleki. Aliyense wobwera kudzasoketsa ankachoka ndi nkhani ya Anambewe. Poyamba ndinkanena zoona. Kenako zoona zinayamba kundichepera. Ndinati amamva madzi akuyenda pansi akangoponda. Ndinati amawalota. Kwa mphunzitsi wina wochokera kumpoto, amene ankaoneka wosakhulupirira, ndinati sanaphonyepo chibadwire, ndipo chilichonse chobisika amachiona.

Sipanapite mwezi, tinadzuka m'mawa wina n'kupeza mzere pakhomo. Bambo wina anabwera ndi chingwe cha ng'ombe yake yobedwa kuti amayi ako achinunkhize. Mnyamata wa fomu folo ankafuna kudziwa mafunso a mayeso. Mayi wina wochokera ku Chipata anagwada n'kupereka nkhuku, akuti amuna ake anapita kukagula feteleza dzinja lathalo ndipo sanabwerere. Amayi ako anamvetsera zonse, akundiyang'ana ine. Kwa mayi wa nkhukuyo anati iwo amadziwa za pansi pa nthaka zokha, ndipo amuna akewo, monga mmene nkhani ikumvekera, ali pamwamba ndithu ndipo akudya bwino. Anamubwezera nkhuku yake n'kumupatsa tiyi.

Tinaseka, koma zinatsala pang'ono kuipa. Ukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno munthu akatchuka kuti amaona zobisika. Amene lero akukugwadira ndi amene mawa amati ndiwe mfiti. Chaka chomwecho amayi ako anakumba chitsime pa mudzi wina cha kumadzulo, anafika pa thanthwe, anaswa masiku ambiri, madzi osapezeka. Kuphonya kumachitika, ngakhale agogo ako ankaphonya. Koma chifukwa cha pakamwa panga anthu anati Anambewe saphonya, ndiye kuti madziwo awabisa dala, awasamutsira kwa ena. Kunasonkhana gulu, ena atatola miyala. Amayi ako anatuluka m'dzenje, anakhala pansi pamaso pawo, anatambasula manja kuti aliyense aone magazi a m'zikhatho, n'kunena kuti, "Ndalakwitsa malo. Ine ndine munthu, ndimangoyang'ana mitengo ndi dothi. Za maloto mukafunse amuna anga, ndi amene amalota masana." Anthu anaseka, miyala inagwa pansi. Ine ndinaimirira n'kuvomera pamaso pa onse kuti zonse zija ndinapeka pa makina. Amayi ako anakwirira dzenjelo okha, anayamba lina, ndipo lachiwirilo linatulutsa madzi.

Ndiye uone, mwana wanga. Pamene ndinkawachepetsa ndinkanama, pamene ndinkawakuza ndinkanamanso, ndipo konse kuwiri amene ankapwetekeka ndi iwo. Akakufunsa za kwanu, usachotsepo ndipo usawonjezerepo. Shopu yanga ija ukaibweze. Ndili ndi makina, benchi ndi khonde la eni ake, ndipo zakulera.

Kulakwa komaliza ndi kumene kwandichititsa kuphimba makina lero. Uli sitandade folo, ku sukulu kwanu kunali tsiku lopereka mphatso, ndipo iwe unali nambala wani. Amayi ako anachokera ku chitsime mothamanga, anasamba, anavala chitenje chatsopano. Koma dothi lofiira lija silichoka m'zikhadabo ndi m'ming'alu ya m'manja ngakhale utakwecha ndi mwala. Ine ndinayang'ana manjawo, ndinaganiza za akazi a aphunzitsi ndi anamwino a pa boma amene akakhale kutsogolo, ndipo ndinati, mwina inu mutsale, mwatopa, ndikaimira ndine. Iwe unali utaima pakhomo, yunifolomu ili mbee, ukumva. Ndinaona maso ako akutsika kupita pa manja a amayi ako, ndipo unawayang'ana mmene sunawayang'anepo. Mpaka tsiku limenelo unkauza aliyense panjira kuti amayi ako amatha kulowa pansi pa dziko. Kuyambira tsiku limenelo unasiya.

Ndiye pamene dzulo unati amayi asavutike, ndinawazindikira mawuwo. Ndi anga. Manyazi amenewa sunabadwe nawo, ndinakuveka ndine, ndipo ndikukupempha uwavule usanakwere basi. Ndinali nditapulumutsidwa m'mchenga, ndinali nditaona miyala ikugwa m'manja mwa anthu, koma chitenje cha mkazi wa ahedi chinandiiwalitsa zonsezo m'mawa umodzi. Nthenda imeneyi imabwerera, uzidziyang'anira.

Kumene ukupitako ukawerenga za anthu odabwitsa a m'mayiko akutali, amene anachita zinthu zimene anzawo ankati sizingatheke. Ukawerenge, ndi bwino. Koma ukadziwe kuti aliyense wa iwo anali ndi wachibale ngati ine, amene ankamukoka malaya kuti akhale pansi, anthu akuona. Ukapezanso ena amoyo: mnzako wolankhula yekha poyenda, mtsikana wokonda kumasula mawailesi, mphunzitsi wovala jekete limodzi chaka chonse. Anzako akamawaseka, iwe ukachedweko kuseka. Ndipo ukadzapeza mtsikana woti utibweretsere, usadzamuuze zobisa manja panjira. Adye dothi, adye choko, tidzafunsa tokha.

Tsopano ntchito ija. Dzana kuseri kwa nkhokwe sindinali ndekha. Amayi ako anali pambali panga, ndi amene anagwira nkhukuyo. Anamva zonse. Anangoti bizinesi ya madzi ndi dzina labwino, mwina alembe pa wilibala. Anaseka, koma nkhuku anaiiwala m'manja mpaka inayamba kulira. Zovala zako zonse achapa ndi kusita okha, chiponde akusinjira chili m'botolo, koma andiuza kuti mawa alawirira ku ntchito kuti iwe usavutike ndi powabisa. Akukumba pa mudzi wa kuseri kwa chigayo, njira ya ku Kachebere, pamene pali mkuyu waukulu kumanzere. Pa njinga yanga ndi mphindi makumi awiri. Basi yako ndi ya teni koloko, nthawi ilipo.

Ukafika sakakhala pamwamba, ndipo satuluka dzuwa lisanafike pamutu, kaya abwere ndani. Amene akufuna kulankhula nawo amagwada m'mphepete n'kulowetsa mutu, ndipo ndaonapo abusa ndi akuluakulu a pa boma akuchita zimenezo. Ndikuchenjeze kuti chitsime sichisunga chinsinsi. Ukanong'oneza, iwo sakamva. Ukakweza mawu, dzenje likawakuza, ndipo amayi onse odikira madzi ndi amuna okoka chingwe akamva chilichonse. Zoti ukanene sindikulembera, wapita ku sukulu kuposa ine. Ukanene mokweza.

Usakayembekeze misozi kapena mawu ambiri. Ndakhala nawo zaka zonsezi, ndikudziwa mmene akayankhire. Chingwe chikagwedezeka, ndipo ukamva mawu ochokera pansi akuti ndowa yadzaza, amene ali pamwambayo akoke. Ukauze amuna aja apume. Ukakoke iweyo, ukakhuthule, ukaibweze pansi. Ukatero ubwere ku siteji, ukandipeza ndili ndi chikwama chako.

Ndine amene ndinakubala ndipo ndikukhumba upite bwino,
bambo ako.